Pepala Lachikasu Limene Linandisandutsa Ng'anga

Mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa ku Nakoli, pali amayi ena ogulitsa tomato amene amapinda bondo pang'ono nkunena kuti, "Mwauka bwanji a dokota." Ine si dokota. Sindinabayepo munthu jakisoni, ndipo mankhwala okha amene ndimawadziwa ndi anga omwe a kuthamanga kwa magazi. Udokotawu ndinadziveka ndekha ndi pepala limodzi lachikasu. Ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ndiinene ndi pakamwa panga, chifukwa akazi anga akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Ndinagwira ntchito ku njanji, mbali ya masiginolo, monga anachitira atate anga amene anachoka ku Katete ali mnyamata nkudzakalambira muno mu Kabwe. Nditapuma ntchito ndinatsala ndi nthenda imodzi, ya wayilesi. Sindikunena yomvera mpira ndi nyimbo ayi, koma ija yolankhulirapo. Umalemba mayeso, boma nkukupatsa layisensi ndi dzina lako la pa mphepo, la zilembo ndi manambala. Ukatero umakhala m'kachipinda kako nkumaitana, ndipo munthu wina wa ku Kenya kapena ku Brazil, wodwala nthenda yomweyo, amayankha. Mumauzana mayina, mmene mawu akumvekera, ndi za nyengo. Basi, mwatha. (Akazi anga amati ndimatha magetsi kuti ndidziwe ngati ku Germany kukugwa mvula, pomwe zovala zawo zikunyowa pa chingwe kuseri kwa zenera langa lomwelo.)

Mu tauni muno a nthenda imeneyi tilimo asanu ndi mmodzi, ndipo mbiri yathu siinali yabwino. Kwathu ku Natuseko, mlongoti wa eriyo yanga umaposa mtengo wa mango, ndiye aliyense anali ndi maganizo ake pa iwo. Ena ankati ndine kazitape. Ena ankati ndimathamangitsa mvula. TV ya munthu ikangoyamba kuthwanima, ngakhale nyumba yake ili mizere isanu kuchokera panga, wolakwa ndinali ine. Mayi wina woyandikana nafe ankachita chizindikiro cha mtanda akamadutsa pa geti panga, chonsecho timapemphera mphakati umodzi.

Wapampando wa kagulu kathu ndi a Tembo, mphunzitsi wa sayansi wopuma ntchito, munthu wosita ngakhale kansalu kopukutira thukuta. Iwowa ndiwo anabwera ndi nzeru yoti tichite tsiku loonetsa anthu zimene timachita, kuti aleke kutiopa. Abambo mfumu anatibwereka holo ya parishi Loweruka m'mawa. A Tembo analemberanso kalata ku ofesi ya ku Lusaka imene imapereka malayisensi athu, ndipo anayankha kuti atumiza mayi Sakala adzakhale mlendo wolemekezeka. Chinatsala ndi chidziwitso choitanira anthu. Ine ndinakweza dzanja, poti ndine ndinkawerenga zolengeza m'tchalitchi ndipo ndinkadziona ngati munthu wodziwa mawu.

"Zinthu zitatu chabe," anatero a Tembo, akuwerenga pa zala. "Osanama. Osalonjeza zimene sitingakwanitse. Osagulitsa kanthu, ife si a bizinesi. Ndipo mukalemba mubweretse ndione musanapulinte."

Ndinavomera zonse ndi mutu, ngati mwana wa ubatizo.

Ndinalemba bwinobwino. Ndinati gulu la okonda mawayilesi olankhulirapo likuitana anthu onse kudzaona mmene mafunde a mawu amayendera, ndi kufunsa mafunso. Ndinapita nalo pepalalo kwa Ba Chanda, Mbemba wina amene ali ndi kontena yopulintira pafupi ndi pokwerera maminibasi ku Nakoli. Makoma a kontenayo anali odzaza ndi ntchito zake zakale: misonkhano ya machiritso, maphwando a akwati, ndi mapepala aja a asing'anga obweza okondedwa othawa. Ndikanakhala wanzeru, makomawo akanandichenjeza.

Ba Chanda anawerenga pepala langa kawiri, nkuliika pansi mwaulemu ngati akuika nkhata pa manda.

"Ba tata, muzanikhululukira. Iyi ni positala olo ni chidziwitso cha malilo? Olo mbuzi singaimilile kuti idye iyi pepa."

Ndinati ndi mmene wapampando wathu akufunira.

"Ba cheyamani banu bafuna bantu olo bafuna mipando? Niuzeni chabe, iyi wayilesi yanu ichita chani chamene foni yanga sichita?"

Apa ndi pamene anandikola. Palibe funso limene munthu wa wayilesi amalikonda kuposa limeneli. Ndinakoka mpando. Ndinamuuza kuti ife timafika kumene netiweki kulibe, kuti sitigula tokotaimu, kuti ndalankhulapo ndi a ku Joni, a ku Tanzania ndi a ku Ulaya ndili chikhalire ku Natuseko. Iye ankangolemba pa kompyuta, akuti, "Eya, manje mwayamba kukamba." Kutamandidwa kuja kunandikwera m'mutu ngati kachasu wa m'mimba yopanda kanthu. Ndinawonjezera kuti anzathu ena amalankhula ngakhale ndi anthu amene ali m'chombo chozungulira dziko kumwambaku.

"Imwe mwakambapo nabo?"

"Ndinawamvapo kamodzi," ndinatero. (Chimene ndinamva chinali kaphokoso kokanda. A Tembo anati mwina anali iwowo, mwinanso anali makina owotcherera zitsulo a pa kona.)

Ndikufuna ndisamunamizire Ba Chanda. Mtundu wachikasu anasankha ndi iye, zilembo zofiira ndi iye, ndipo ndi iye amene anandiveka mahedifoni nkundijambula, akundiletsa kumwetulira chifukwa akatswiri saseka. Mphezi ziwiri zotuluka m'makutu mwanga anaikanso ndi iye. Koma mzere umene unawononga zonse ndinaupeka ndine, ndikuganiza za anzathu amene amathandiza kupereka mauthenga madzi akasefukira mafoni nkufa. Pepalalo linatuluka chonchi:

KATSWIRI WA MAWU AKUTALI ALI MU KABWE
Kodi muli ndi wanu amene anapita osamvekanso?
Timafika kumene foni siifika
Joni, Tanzania, Ulaya, ngakhale kumwamba
Popanda tokotaimu, popanda netiweki
Loweruka m'mawa ku holo ya parishi. Zaulere.

Kwa a Tembo sindinapite nalo. Ndinadziuza kuti amakhala kutali ndipo masiku atha. Zoona zake nzakuti ndinkadziwa chimene akanene. Pofika mawa lake Ba Chanda ndi mlamu wake anali atamata mapepalawo pa mitengo ya magetsi kuyambira ku Nakoli mpaka mkati mwa Makandanyama, ndi phala la ufa wa chinangwa.

Lachinayi akazi anga anabwera kuchokera ku msika, nkuika basiketi pansi osandiyang'ana.

"Ndakuonani pa mtengo wa magetsi," anatero. "Muli pakati pa uja wobweza amuna othawa ndi uja wopambanitsa milandu ku khoti. Mwa atatu nonsenu, woopsa nkhope ndinu."

Ndinawauza kuti andionetse mzere umodzi wokha umene uli wabodza. Ndinawerenga pepala lonse pamtima, mzere ndi mzere, ndikuteteza uliwonse.

"Pondifunsira paja munati muli ndi nyumba," anayankha. "Simunaname. Munangoiwala kunena kuti ndi ya kampani."

Loweruka ndinafika ku parishi ndi wayilesi yanga pa takisi, nthawi ili cha m'ma eyiti. Ndinapeza mzere wa anthu kuchokera pa khomo la holo mpaka kunja kwa geti. Poyamba ndinayesa kuli maliro amene sindinamve, kapena akugawa feteleza. Nditatsika, mzere wonse unatembenuka, ndipo ndinamva kunong'onezana kuti, "Ni bamene aba." Ambiri anali azimayi. Ena ananyamula zithunzi, wina shati ya mwamuna yopindidwa bwino, wina nsapato imodzi m'pulasitiki.

Mkulu wina wa jekete ya ku mgodi, amene anadzitchula kuti a Zulu, anandigwira mkono ndisanalowe, envelopu ili m'dzanja linalo. Anati mkulu wawo anamwalira osanena kumene anaika mapepala a nyumba, ndipo banja lonse likukangana.

"Mwalemba kuti na kumwamba mufika. Mkulu wanga anali katekisiti, ali kumwamba uyo. Musavutike kumusakila kwina."

Ndinawasiya ali chiimire nkulunjika ku holo. Pa khonde la nyumba yawo, abambo mfumu anali ataima ndi kapu ya tiyi m'dzanja limodzi ndi pepala lachikasu m'dzanja linalo. A Tembo ndinawapeza m'holo akumanga mawaya ndi anzathu aja. Pepalalo anali atangoliona m'mawa womwewo ali m'minibasi. Sanakalipe. Anavula magalasi, nkuwapukuta nthawi yaitali, nkuwavalanso.

"Tikambirana," anatero. Kukalipa kukanakhala bwino.

Mayi Sakala a ku Lusaka anafika nthawi yake yeniyeni, mayi wamfupi wa suti yotuwa. Pokhala pansi anatsegula chikwama kuti atulutse cholembera, ndipo ndinaona m'kati mwake kangodya ka pepala lachikasu lopindidwa kanayi.

A Tembo anaganiza zopulumutsa tsikulo ndi sayansi. Anaima kutsogolo kwa holo yodzaza nkufotokoza kuti palibe zamatsenga, kuti mawu athu amakwera kumwamba, kumeneko amagunda chinthu chosaoneka ndi maso, kenako amabwerera pansi kwa munthu amene ali kutali. Anthu anagwedeza mitu mokhutira. Mayi wina kumbuyo anati, "Amen." A Tembo anakhala pansi atakalamba ndi zaka zisanu, nkundikodola kuti ndiyatse.

Ndinayatsa. Sipika inayamba kulira phokoso lake lija la ngati mvula pa malata, ndipo mzere wakutsogolo unabwerera m'mbuyo ndi mipando yomwe. Ndinadina batani la maiki nkuitana m'Chingerezi monga timachitira, kutchula dzina langa la pa mphepo ndi kupempha aliyense wondimva ayankhe. Zii. Ndinaitananso. Theka la mtima wanga linkapempha kuti wina ayankhe ndisachite manyazi, theka linalo linkapempha kuti asayankhe aliyense mpaka anthuwa atope azipita.

Kachisanu, mawu anatuluka. Anali a mzungu wokalamba, olemera ngati a Mabunu, omveka bwino ngati ali m'chipinda chomwecho. Anatchula dzina lake, nkunena kuti akundimva ali pa famu yake kufupi ndi Johannesburg.

Pa mawu onse aja holo inamva limodzi lokha, Johannesburg.

Kutsogolo kwenikweni kunakhala mayi wina wa ku Makandanyama, wochokera ku Petauke, wogulitsa vitumbuwa, amene anthu amamutchula amake Tisa. Chithunzi cha mwamuna wake chinali pa miyendo. Mayiyu anali ataonetsetsa pamene ndimadina. Ndisanayankhe mzungu uja, maiki inali kale m'manja mwake.

"Yakobe, mwana wa a Mwanza ba ku Petauke, ndine amake Tisa," anayamba, mawu ake osanjenjemera nkomwe. "Unakamba ati miyezi itatu. Manje ni zaka zinayi. Tisa alemba giredi seveni chaka chino, nkhope yako aiona pa chithunzi. Amai ako banadwala, nine n'nabasunga. Banafa, nine n'nabaika. Mutenge wa nyumba udontha pa bedi pako pamene. Ngati unakwatira uko, kamba chabe, nileke kuyangana ku njira basi ikabwera."

Anasiya batani.

Mzungu uja, munthu waulemu, anayankha pang'onopang'ono. Anati mawu a mayiyo afika amphamvu ndi omveka bwino kwambiri, koma apepese sanamve chinenerocho. Kenako, monga mwa mwambo wathu, anawonjezera za nyengo.

"Mwamvera? Akamba chizungu manje," anatero amake Tisa, akutembenukira kwa anzake. Kenako kwa ine: "Ati chani?"

Apa munthu wanzeru akananena kuti amayi, uyu si mwamuna wanu. Ine, mutu utazizira, ndinangomasulira mawu otsiriza amene ndinamva.

"Akuti kumeneko kuli dzuwa, ndi kamphepo pang'ono."

Holo inaphulika. Azimayi anaimirira onse nthawi imodzi. "Zaka zinayi, ayankha za dzuwa!" Wina ankati amuna onse ndi chimodzimodzi, wina ankafuna maiki kuti amuuzeko Yakobe mawu awiri, ndipo wa nsapato m'pulasitiki uja anali akukankha kale kuti nthawi yake yakwana. A Zulu ankakweza envelopu yawo m'mwamba kuti ndisawaiwale.

Mayi Sakala anaimirira. Sanakweze mawu, koma anthu a m'maofesi ali ndi kaimidwe kawo, ndipo phokoso linatsika lokha. Anandiuza kuti nditsanzike kwa mzungu uja mwa dongosolo ndi kuzimitsa wayilesi. Nditatero anatulutsa pepala lachikasu lija, nkulitambasula, nkundipatsa.

"Atate, werengani mzere umodzi umodzi. Mukawerenga, muwauze anthu awa tanthauzo lake lenileni."

Ndawerengapo zolengeza zovuta m'tchalitchi, koma sindinawerengepo chotalika ngati mizere isanu ndi umodzi imeneyi. Ndinati katswiri ndine, koma wa mawaya chabe. Ndinati sindingapeze munthu wotayika, ndimangolankhula ndi amene ali ndi wayilesi ngati yangayi, ndipo sindisankha woyankha. Ndinati amene tamumva uja si Yakobe, ndi mlimi wachizungu amene sanamuonepo Yakobe chibadwire. Pofika pa mawu akuti kumwamba, a Zulu anafunsa ali chiimire.

"So mkulu wanga simuzamupeza?"

"Iyayi, atate. Akumwamba amene ndimanena ndi amoyo, ali m'chombo."

Anapinda envelopu yawo nkuibweza m'jekete. "Navala na jekete," anatero, nkutuluka.

Anthu anatuluka pambuyo pawo, ena akuseka, ena akutukwana pansipansi poti panali pa tchalitchi. Anatsala amake Tisa, atakhala pa mpando womwe uja, akupukuta galasi la chithunzi ndi nsonga ya chitenje. Mpaka nthawi imeneyo ndinkangoopa za layisensi yanga. Nditawaona mayiwa ndi pamene manyazi enieni anandigwira. Ndinapita nkugwada pambali pawo, ine wa imvi, nkupepesa kuti ndawayendetsa ulendo wachabe ndi kuwaulutsira za m'nyumba mwawo pa gulu.

"Nenze naziba kuti si yeve," anatero mosakweza mawu. "Yakobe chizungu chake nichiziba, sichifika apo. Koma zaka zinayi nenzelibe pokambila. Lelo nakamba."

Ananyamuka nkumapita. Ine ndinatsala chogwada, mpaka a Tembo anandiuza kuti ndidzuke ndikapinde mawaya.

Chilango chinabwera m'magawo. Mayi Sakala anandiuza kuti kupereka maiki kwa munthu wopanda layisensi kuti atumize uthenga wake ndi mlandu pawokha, koma chimene chawakwiyitsa kwambiri ndi pepalalo, chifukwa likunyozetsa onse a wayilesi m'dziko muno. Kalata ya chenjezo inafika patapita masabata awiri, yonena kuti ndikadzabwerezanso, layisensi yapita. A Tembo anagamula kuti mapepala onse ndikawachotse ndi manja anga, ndipo kuti pa moyo wanga wonse ndisadzalembenso kanthu m'dzina la gulu. Abambo mfumu anandiuza mokoma mtima kuti ndipumuleko kaye pa zolengeza za m'tchalitchi, mawu anga atopa.

Ndinatha sabata yathunthu ndikupala mitengo ya magetsi ndi mpeni wa kukhitchini. Amene sanayesepo kuchotsa phala la chinangwa louma asanene kuti amadziwa ntchito. Pepala linkachoka timizeremizere, ndipo pa mitengo yambiri mawu ankachoka koma nkhope yanga ndi mphezi zake nkutsalira. Oyendetsa maminibasi ankaliza hutala akandiona. Ku Makandanyama bambo wina anandiimitsa nkundinong'oneza kuti akumvetsa, boma limatero ndithu likaona munthu wa mphamvu zenizeni.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Sindinadziwe kuti tsiku lija m'holo wina ankajambula ndi foni. Kanemayo anayenda foni ndi foni, mpaka anafika kwa anthu a kwathu kuno amene amagwira ntchito ku Joni. Yakobe anamuonetsa ndi anzake a pa malo otsukira magalimoto, dzina lake, la atate ake ndi la kwawo zonse zikumveka bwino. Akuti anayamba waimba foni. Mwezi usanathe anatsika basi mu Kabwe, wowonda, ndi kachikwama kamodzi. Za mmene anamulandirira kunyumba sindinafunse, ndipo sindikufuna kudziwa.

Ndayesa kufotokozera anthu kuti amene anabweza Yakobe ndi foni, chinthu chomwe chija ndinachinyoza pa pepala langa. Palibe amene amandimvera. Amati munthu anaitanidwa pa wayilesi yanga, ndipo munthuyo anabwera, nanga china nchiyani. Mayi woyandikana nafe uja analeka kuchita chizindikiro cha mtanda pa geti panga. Tsopano amaima nkufunsa ngati Lachiwiri ndimaona anthu.

Loweruka lina masana tinamva odi. Anali amake Tisa, atanyamula tambala wamkulu wofiira, womangidwa miyendo ndi kansalu. Anati si malipiro, ndi zikomo chabe. Ine ndinaimirira bwinobwino nkuyamba kufotokoza kuti malamulo a layisensi yathu salola kulandira kanthu chifukwa cha wayilesi, kuti ndili kale ndi kalata ya chenjezo, ndiponso kuti kulandira tambalayo kukhala ngati kuvomera bodza lomwe lija ndinalipala ndi mpeni sabata yathunthu. Ndinalankhula bwino kwambiri, moti a Tembo akanandimva akanandikhululukira theka la machimo anga.

Ndili pakati pa kulankhula, akazi anga anatuluka m'khitchini, nkupukuta manja, nkulandira tambalayo ndi manja awiri.

"Layisensi ndi yanu," anatero. "Ine ndilibe."

Tinamudya Lamulungu titabwera ku Misa. Ndinanena poyera kuti ine ndingothira msuzi wokha pa nshima, chifukwa munthu ayenera kuima pa mfundo zake, ndipo ndaphunzira kuti mawu oona akhoza kunamiza kuposa bodza. Ndinaimadi pa mfundoyo mpaka mbamu yachitatu. Kenako ndinatenga ntchafu, ndipo nthutumba nayo, poti mwini nyumba ndine, sindikanaisiyira wina. A Tembo sakudziwa za tambalayu. Ngati mumawadziwa, chonde apitirize kusadziwa.